KHANSA YA KUPHAZI: PEPALA LA MAGAZI LISOWETSA TULO KU LUNDAZI

Munthu amene anadulidwapo khansa ya pakhungu yochedwa melanoma sakhala ndi mtima m'malo pa tsiku lotenga zotsatira za magazi. Pepalalo ndi laling'ono, lolembedwa m'Cingerezi, ndipo ladzaza malembo ndi manambala amene mlimi wa kwa Mwase, kwa Kapichila kapena kwa Mphamba sanawaphunzirepo kusukulu. Koma ciripo cinthu cimodzi cimene aliyense amaciona msanga, angakhale wosadziwa kuwerenga: kanyenyezi, kapena cilembo ca H, kapena mzere wa inki umene wina walemba pambali pa nambala imodzi. Kucokera pa cipata ca cipatala kukafika kumudzi, maganizo a mwini pepala sacoka pa kanyenyezi kameneko. Madzulo nsima imakana kutsika. Funso liri limodzi lokha: kodi cija anadula cija cabweranso?

Funso limeneli si lopusa ai, ndipo a pabanja asamuseke wolifunsa. Koma yankho lake siliri pa pepala la magazi. Ambiri amene agona osagona cifukwa ca kanyenyezi kotere amadzapeza pambuyo pake kuti mlandu unali wa malungo, wa mankhwala ena amene anali kumwa, kapena wa kabotolo ka magazi kamene kanaonongeka panjira.

NTHENDA YOBISALA PANSI PA PHAZI

Melanoma ndi khansa imene imayambira m'maselo, ndiko kuti tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, timene timapanga utoto wa khungu. Ku maiko a Azungu monga Australia nthendayi njofala, imabwera kwambiri cifukwa ca dzuwa, ndipo imaoneka pamsana, pamapewa, pankhope ndi m'miyendo. Kwa munthu wakuda ndi yosowa. Koma ikabwera imasankha malo amene utoto uli wocepa: pansi pa phazi, pa cidendene, m'cikhatho ndi pansi pa cikhadabo. Pa mtundu umenewu dzuwa liribe mlandu. M'caka ca 1967 dotolo M. G. Lewis analemba za odwala a ku Uganda naonetsa kuti ambiri a iwo nthendayi inawagwira kuphazi, ndipo m'caka ca 2016 madotolo a ku Japan anapeza kuti imakonda mbali za phazi zimene zimasenza kulemera kwa thupi, monga cidendene. Abale acialubino nao amabvutika ndi khansa ya pakhungu, koma yao kawirikawiri ndi ya mtundu wina, yobwera ndi dzuwa, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Phazi la mlimi ndi malo abwino obisalapo nthenda. Banga lakuda likaoneka pa cidendene, mwini wake amati ndi munga umene unathyokera m'kati, kapena thekenya, kapena mng'alu wa m'cilimwe. Likasanduka cilonda cosapola, ena amati waponda mankhwala amene mdani anachera panjira ya kumunda. Miyezi imapita, nthawi zina caka cathunthu, munthu asanaonetse phazi kwa anamwino.

Akaonetsa, ulendo umatalika. Wodwala wa ku Lundazi amayambira pa kiliniki ya kwao, napita pa cipatala ca pa Boma, ndipo kucokera apo akhoza kutumizidwa ku Chipata Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Wofunika cithandizo ca akatswiri a khansa amapitirira ku Lusaka, makilomita enanso pafupifupi 570, kudzera ku Katete, Petauke ndi Nyimba, kuoloka mlatho wa Luangwa, kukafika ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007 pafupi ndi University Teaching Hospital. Ulendo wotere sayenda munthu mmodzi, pakuti wodulidwa phazi afuna womugwiriziza. Ndalama za basi ya anthu awiri, za cakudya ndi za pogona zimacokera m'nkhokwe: matumba a nshawa, soya, thonje, mwina ndi mbuzi. Banja limene linayendapo ulendo umenewu likaona kanyenyezi pa pepala siliganiza za imfa yokha. Limawerenganso matumba amene atsala.

Kuti melanoma imabwereranso ndi zoona, ndipo palibe cifukwa cobisira. Woimba wochuka wa ku Jamaica, a Bob Marley, anapezeka nayo m'caka ca 1977 pansi pa cikhadabo ca cala cacikulu ca phazi lamanja, pamalo pamene poyamba anthu anayesa kuti ndi bala la mpira. Madotolo analangiza kuti cala cidulidwe, koma iwo anakana, ndipo anangocotsedwa cikhadabo ndi mnofu wa pansi pake. Anakhala ngati acira. Mu April 1980 anaimba pa bwalo la Rufaro pa cikondwerero ca ufulu wa Zimbabwe. Mu September caka comweco anagwa ali kuthamanga ku Central Park mu mzinda wa New York, ndipo kunapezeka kuti nthenda inali itafika ku ubongo, m'mapapo ndi ku ciwindi. Anamwalira ku Miami pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36 cabe. Tsono wodulidwa cidendene ku Lundazi akamaopa, aopa cinthu ceniceni.

CIMENE KANYENYEZI KANENA

Coyamba ciyenera kudziwika ndi cakuti makina a m'labotale sadziwa mbiri ya munthu. Pa kapimidwe kalikonse pali malire, wapansi ndi wapamwamba, ndipo malirewo amaikidwa popima anthu athanzi ambiri ndi kutenga pamene pagwera 95 mwa 100 a iwo. Ndiye kuti anthu 5 mwa 100 alionse, athanzi labwino, osadwala kanthu, nambala yao imagwa kunja kwa malire. Pepala limodzi limakhala ndi mapimidwe ambiri. Ngati alipo 12, pafupifupi theka la anthu athanzi akhoza kutuluka ndi kanyenyezi kamodzi. Malirewo amasiyananso labotale ndi labotale, kotero kuti nambala ya ku Chipata ndi ya ku Lusaka siziyenera kuyerekezedwa ndi munthu wamba ali khale pakhonde.

Malembo amene amaopsa kwambiri odwala melanoma ndi atatu awa, LDH. Ici ndi cinthu cimene cimapezeka m'kati mwa maselo pafupifupi onse a thupi: m'minofu, m'ciwindi, mumtima, m'mapapo, ndipo cocuruka m'maselo ofiira a magazi. Selo likasweka, LDH imatayikira m'magazi ndipo nambala imakwera. Khansa yofalikira imaswa maselo, n'cifukwa cake madotolo amapima LDH mwa wodwala amene adziwa kale kuti nthenda yake yafalikira, kuti aone kulemera kwake. Koma zoswa maselo n'zambiri. Malungo amaswa maselo ofiira, ndipo m'nyengo ya dzinja ku Lundazi malungo sasowa pakhomo. Kucepa kwa magazi kwa mitundu ina, cibayo ndi cifuwa ca TB zimakweza nambala yomweyo. Bambo amene walima mizere kuyambira mbandakuca dzulo lake, kapena wapalasa njinga makilomita ambiri kuti afike pamzere wa cipatala m'mawa, minofu yake yokha ikhoza kuikweza pang'ono.

Ndipo pali cina cimene odwala ambiri sacidziwa. Magazi akhoza kuonongeka ali m'kabotolo. Akakokedwa mobvutikira ndi singano yaing'ono, akakhala nthawi yaitali pamalo otentha, kapena akagwedezeka pa njinga yamoto mu mseu wa maenje kucokera ku kiliniki ya kutali, maselo ofiira amasweka m'botolo momwemo. Makina amawerenga LDH yokwera, pamene m'thupi la mwini magazi mulibe cimene casintha. Anchito a m'labotale amalidziwa bwino bvuto limeneli, ndipo mankhwala ake ndi kutenganso magazi ena.

Malembo ena ndi a ciwindi: ALT, AST ndi ALP. Pano mantha amakula cifukwa wodwala anamvapo kuti melanoma imakonda kuthawira ku ciwindi, ndipo zimenezo n'zoona. Komabe ciwindi ca munthu wa kuno ciri ndi adani ambiri amene amafika khansa isanafike. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'caka ca 2016 anapeza kuti akuluakulu 5 kapena 6 mwa 100 alionse m'Zambia ali ndi kacirombo ka hepatitis B, kotupitsa ciwindi, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nako. Mankhwala a TB amalemetsa ciwindi, monganso ena a ma ARV. Kacasu ndi mowa wina uliwonse womwa mopitirira amacita cimodzimodzi. Nayonso mizu ya kwa sing'anga, imene munthu wamantha amamwa mobisa m'mabotolo akuluakulu kuti khansa isabwerere, ikhoza kukhala ndiyo yakweza nambala imene yamuopsayo. Pamenepo munthu amaonjezera mizu cifukwa ca pepala, ndipo pepala lotsatira limaipirako cifukwa ca mizu.

N'cifukwa ca zonsezi kuti malangizo amene madotolo a khansa a ku America amatsata salimbikitsa kupima magazi monga njira yolondera melanoma mwa munthu amene anadulidwa ndipo alibe cizindikiro ciriconse. Magazi amakuwa pamene palibe mbala, ndipo nthawi zina amakhala cete mbala iri m'nyumba. Mbali yaciwiriyi nayo iyenera kumveka: pepala loyera, lopanda kanyenyezi, si umboni wakuti nthenda inatha, ndipo si cifukwa colekera kupita kukaonedwa.

Liripo pepala lina limene limanena zambiri koposa la magazi, koma ndilo limene mabanja amataya kapena kuiwala m'sutukesi. Ndi lija la zotsatira za kanyama kamene kanadulidwa ndi kupimidwa. Pamenepo pamalembedwa kuzama kwa cotupa m'mamilimita, muyeso umene dotolo Alexander Breslow anaufotokoza m'caka ca 1970. Cotupa cosafika milimita 1 sicibwerera kawirikawiri. Copitirira mamilimita 4, makamaka ngati cinali citasanduka cilonda, cimafuna kulonderedwa kwambiri. Pepalalo limanenanso ngati mpeni unadutsa m'mnofu wabwino mbali zonse. Dotolo amene waona pepala limeneli amadziwa kulemera kumene angapatse kanyenyezi ka pa magazi. Wopanda pepalali amayamba ngati mlendo.

ZIMENE MANTHA AMACITA PAKHOMO

Pakati pa tsiku lotenga pepala ndi tsiku loonana ndi dotolo pamapita masiku, nthawi zina masabata, ndipo m'masiku amenewa ndimo muli ngozi yeniyeni. Mwana wa sukulu amene ali ndi foni amalemba malembo aja pa intaneti nawerengera makolo ake zimene wapeza, ndipo zimene wapezazo zinalembedwera odwala a mtundu wina, amene nthenda yao inafalikira kale. Bambo amayamba kugawa zinthu zake. Ena amagulitsa ng'ombe zolimira pa mtengo wolira, mvula iri pafupi kugwa, kuti akonzekere ulendo wa ku Lusaka umene palibe dotolo anaulamula. Mai amaleka kupita kumunda, nati adzalimira yani.

Oipitsitsa ndi mantha obisa. Munthu amapinda pepala, naliika pansi pa mphasa, osauza mkazi wake kapena mwamuna wake, ndipo tsiku lobwerera kucipatala likafika amapeza cifukwa: kuli maliro, kuli feteleza ku depoti, njinga yaphulika. Mumtima amati ndi bwino kusadziwa. Ngati nambala ija inali ya malungo, wataya tulo pacabe miyezi yonseyo. Ngati inalidi ya khansa, wataya miyezi imene madotolo akanagwiramo nchito.

Cilankhulo naco cimaonjezera mtolo. Anthu ambiri a ku Lundazi amalankhula Citumbuka pakhomo, pepala liri m'Cingerezi, ndipo wofotokoza mwina alankhula Cinyanja ca m'tauni mothamanga cifukwa kunja kuli mzere wautali. Agogo amabvomera ndi mutu mwaulemu natuluka asanamve kanthu. Akale anati safunsa anadya phula. Si mwano kupempha anamwino kuti abwerezenso, kapena kulowa ndi mwana wamkulu amene adzakumbukira zonenedwa. Mafunso ofunika ndi ocepa: ndi kapimidwe kati kamene kakwera, kakwera pang'ono kapena kwambiri, ciani cina cingakweze, ndipo magazi adzatengedwanso liti.

Kawirikawiri dotolo amayamba ndi zapafupi. Amafunsa za kutentha thupi, napima malungo. Amafunsa za mowa ndi za mankhwala onse, ndipo apa wodwala anene zoona, ndi za mizu zomwe, pakuti dotolo safuna kuweruza mlandu koma kupeza gwero. Amayang'ana cipsera, napapasa mwendo wonse ndi m'mphecepece. Pakapita masabata angapo magazi amatengedwanso, ndipo nthawi zambiri nambala imapezeka itatsika yokha. Ikakhala iri kukwerabe, kapena ngati pali zizindikiro zina m'thupi, ndi pamene amaunika ciwindi ndi mphecepece ndi makina, najambula cifuwa, ndipo ngati kuli kofunika amatumiza wodwala ku sikani yaikulu ya CT. Ngakhale pamenepo, mau otsiriza amacokera ku kanyama kotengedwa pa cotupa ndi kupimidwa. Palibe munthu amene ayenera kuuzidwa kuti khansa yabwerera cifukwa ca nambala ya magazi yokha.

Ndipo ngati yabwereradi, nkhani siithera pomwepo monga zinaliri m'masiku a a Marley. Ikabwerera pafupi ndi cipsera kapena m'mphecepece mokha, ikhoza kudulidwanso. Kuyambira m'caka ca 2011 kunabweranso mankhwala atsopano amene amadzutsa citetezo ca thupi kuti cimenyane ndi khansa. A Jimmy Carter, amene anali mtsogoleri wa dziko la America, analengeza mu August 2015, ali ndi zaka 90, kuti melanoma yawagwira ku ciwindi ndi ku ubongo. Anacitidwa opaleshoni, naochedwa ndi makina, nalandira mankhwala ochedwa pembrolizumab, ndipo mu December caka comweco ananena kuti madotolo saonanso cotupa. Anamwalira pa 29 December 2024 ali ndi zaka 100. Kunena mosabisa, mankhwala amenewa ndi okwera mtengo koopsa, sagwira nchito mwa aliyense, ndipo pa melanoma ya kuphazi mphamvu yao ndi yoceperako. Kwa mlimi wa kuno, cida cimene ciri pafupi ndico kuipeza msanga, ikali pamalo pofika mpeni.

MLONDA NDI DZANJA

Melanoma ikamabwerera, kawirikawiri woyamba kuiona ndi mwini thupi, wa pabanja pake, kapena dotolo wopapasa ndi manja. Imakonda kubwerera m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, ngakhale kuti ina imadikira zaka 10 kapena kuposa, ndipo n'cifukwa cake madotolo amaitana wodwala miyezi 3 kapena 6 iriyonse poyamba, kenaka kamodzi pa caka.

Njira yake imadziwika. Kucokera kuphazi imakwera ndi mwendo kulinga m'mphecepece, ndipo ya m'dzanja imalinga m'khwapa. Motero zoyang'ana ndi banga latsopano m'mbali mwa cipsera, tinthu tolimba ngati nyemba pansi pa khungu la mwendo, takuda kapena tofanana ndi khungu, ndi mwanabere. Pa mwanabere m'pofunika kusiyanitsa. Wobwera ndi bala kapena cithupsa amapweteka, amatentha, ndipo amaphwa bala likapola. Wokayikitsa ndi uja wolimba, wosapweteka, amene sacoka pakapita masabata awiri kapena atatu koma akulirakulira. Wotere asatemeredwe mphini kapena kuthowedwa ndi madzi otentha; aonetsedwe kucipatala sabata lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi.

Zina zosayenera kudikira ndi kuonda popanda cifukwa, cifuwa cosatha pamene TB sinapezeke, maso acikasu, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, mutu wa m'mawa wobwera ndi kusanza, kukomoka ngati wa khunyu, ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi. Munthu amene ali ndi cimodzi ca izi apite msanga, pepala la magazi likhale loyera kapena la kanyenyezi.

Kudziyang'ana kumeneku sikulira ndalama. Kamodzi pa mwezi, pa tsiku losaiwalika monga Sabata loyamba la mwezi, munthu asambe mapazi bwino, akhale panja pamene pali kuwala, ndipo ayang'ane pansi pa mapazi onse awiri, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Wacikulire amene msana sumulola kuwerama agwiritse nchito galasi loonera nkhope, kapena apemphe mdzukulu wa maso akuthwa. Pambuyo pake apapase ndi zala kucokera pa cipsera, kukwera ndi katumba, kuseri kwa bondo, ncafu, mpaka m'mphecepece, mbali zonse ziwiri kuti ayerekeze. Pakhomo pamene pali foni yojambula, cithunzi ca cipsera ca mwezi uno cisungidwe kuti cidzaikidwe pambali pa ca mwezi wamawa. Khadi la cipatala, pepala la kanyama ndi mapepala onse a magazi, akale ndi atsopano, akhale m'thumba limodzi la pulasitiki, pamalo pamene ciswe ndi kudontha kwa denga sizifika, ndipo thumbalo lipite nao pa ulendo uliwonse wa kucipatala.